Mmene tinakonzera msewu wa mashopu athu ku Mabvuku

Ndine mayi wosoka mayunifolomu a sukulu ku Mabvuku, kum'mawa kwa mzinda wa Harare. Kuno n'kumene ndinabadwira. Bambo anga anachokera ku Ntcheu nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo anakalambira pa ntchito yophika m'nyumba za azungu ku Highlands. Malokeshoni a Mabvuku ndi Tafara anamangidwira anthu onga iwowo, antchito a m'nyumba ndi m'maluwa kumayadi. N'chifukwa chake mpaka lero Chichewa ndi Chiyao zimamveka m'misewu yathu pamodzi ndi Chishona, ng'oma za gule wamkulu zimalira, ndipo m'mipingo ya CCAP ndi m'mizikiti mumadzaza anthu. Abale a ku Mufakose ndi ku Epworth akhala akundifunsa pa WhatsApp kuti tinatani kuti kamsewu kathu kasinthe. Yankho lake ndi lalitali, ndipo mbali yaikulu ndi ya ndalama ndi nthawi zimene tinataya tisanayambe kuchita zinthu m'njira yake.

Kamsewu kamene ndikunena si ku mashopu aakulu a Kamunhu kumene aliyense wa kuno amakudziwa. Ndi kamsewu ka mkati mwa lokeshoni, kotalika mwina mamita 200, kokhala ndi butchala, chigayo, magolosale awiri, saluni, ometa tsitsi, owotcherera zitsulo, malo omwera mowa, ndi kashopu kanga. Kumunsi kwake kuli mjigo, ndipo kwa ife mjigo si nkhani yaing'ono, poti mbali zambiri za Mabvuku zakhala zaka ndi zaka mipopi ili youma. Pofika 2018 phula linali litatha, atatsala maenje okhaokha. Pakona panali chimulu cha zinyalala. Dzuwa likangolowa kunkagwa mdima wa ndiweyani, moti amayi ankaopa kudutsa. Makasitomala anga ena anayamba kunena kuti bola kukwera kombi kukagula yunifolomu m'tauni kusiyana n'kuponda matope a kwathu.

Chimene chinatidzutsa ndi kolera ya mu Sepitembala 2018, imene inayambira ku Glen View ndi ku Budiriro. Ambiri a ife tinali tisanaiwale ya 2008, imene inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno. Misonkhano, imene inali italetsedwa chifukwa cha kolerayo, italoledwanso, a sosaite yathu ya maliro anaitanitsa eni mashopu, akulu a mpingo ndi a kumzikiti. Tinasankha komiti, ine n'kukhala mlembi poti ndinali kale mlembi wa sosaite. Mavenda sitinawaitane. Tinkawaona ngati iwowo ndiwo vuto: amatseka khomo la shopu, amataya makoko a chimanga ndi tomato woola, salipira lendi. Anyamata oitanira makombi ndiye sitinawaganizire n'komwe.

Mphwake wa wapampando wathu anali atangomaliza maphunziro a zojambula mapulani. Mnyamata waulemu, wodzipereka, ndipo sanatilipiritse kanthu. Anabwera ndi chithunzi cha pa kompyuta chimene tinachionetsa pakhoma la holo ya tchalitchi: njerwa zoyala pansi zamitundu iwiri, timinda ta maluwa kutsogolo kwa shopu iliyonse, malo oimikapo galimoto khumi, mavenda onse atasamutsidwira kuseri kwa chigayo. Tinaomba m'manja, amayi n'kuimba nthungululu. Usiku umenewo tulo sitinabwere ndi chimwemwe. Palibe anafunsa kuti pa kamsewu kathu pamaima galimoto zingati pa tsiku, kapena kuti madzi a mvula adzadutsa pati.

Tinayamba kusonkha mu Okutobala chaka chomwecho. Ndalama zogwirika zinkasowa nthawi imeneyo, ndiye ambiri ankatumiza pa foni, ngakhale boma linali litangoyamba kudula msonkho wa 2 peresenti pa ndalama zotumizidwa motero. Kumayambiriro kwa 2019 m'buku munali pafupifupi 4,000, ndalama zimene pa pepala zinkawerengedwa ngati zofanana ndi madola a ku America. Tinagwirizana kuti tisazikhudze mpaka zitakwana kugula zonse nthawi imodzi. Mu Febuluwale 2019 ndalama za m'mabanki ndi za pa foni zinasanduka ndalama yatsopano ya dziko lino yotchedwa RTGS, kuyambira pa 2.5 pa dola imodzi ya ku America. Mu Juni kunatuluka lamulo loletsa kugula ndi kugulitsa ndi ndalama zakunja. Pofika Disembala dola imodzi inkafuna ma RTGS oposa 16 ku banki, pamsewu kuposa pamenepo. Nambala inali chikhalire m'buku, koma mphamvu yake inkatha tsiku ndi tsiku. Pakati pa chaka tinadzidzimuka n'kutapako theka kukagula njerwa zoyala pansi ndi simenti pang'ono. Theka linalo pofika Khirisimasi silikanagula ngakhale matumba 15 a simenti.

Inu amene mukusonkhera ntchito ngati iyi m'dziko limene ndalama yake siikhazikika, musadikire kuti zikwane. Zikangofika pogula kanthu, gulani chimene sichiwonongeka: njerwa, miyala, mapaipi a konkire, zitsulo. Simenti yokha musaunjike, imauma m'matumba ikakhala miyezi ingapo, makamaka nthawi ya chinyezi.

Msungichuma wathu anali bambo wachikulire, mkulu wa mpingo, munthu amene anasunga ndalama za maliro zaka zambiri popanda kusowa ngakhale senti. Anthu atamva kuti ndalama zatha mphamvu, ena anayamba kunong'onezana kuti adya. Pa msonkhano wina mnyamata wina anaimirira n'kuwaloza chala pamaso pa onse. Bambo aja anatulutsa buku ndi mauthenga a pa foni, manja akunjenjemera, n'kunena kuti, "Ana anga, werengani nokha. Ine kumanda ndipita ndi dzina langa basi." Tinawerenga, zonse zinali m'malo mwake. Koma anatula pansi udindo, ndipo sanapondenso pa misonkhano yathu mpaka anatisiya. Nkhani imeneyi imandipwetekabe mumtima. Kuchokera pamenepo buku limawerengedwa mokweza pamaso pa onse mwezi uliwonse, ndipo chithunzi cha tsamba lililonse chimaikidwa pa gulu la WhatsApp tsiku lomwelo.

Ndi theka tinapulumutsa lija tinayala njerwa kutsogolo kwa mashopu atatu, kuphatikizapo yanga, n'kumanga kakhoma kafupi ka timinda ta maluwa m'mphepete mwa msewu. Chilolezo sitinapemphe. Tinkati ndi pakhomo pathu, ndiponso tikukongoletsa, sitikuwononga. Chaka chimenecho kunali chilala, moti kakhomako kanakhala miyezi osayesedwa. Mu Febuluwale 2020 kunagwa chimvula cha usiku umodzi. Madzi ochokera kumtunda anapeza kakhoma kathu katawatsekera njira, anakhota n'kulowa pansi pa zitseko. M'mawa ndinapeza mipukutu ya nsalu imene inali pansi itamwa matope ofiira, ndipo mota ya makina anga amodzi inapsa nditangoyatsa. Zinandidyera madola oposa 300 a ku America. Kubutchala firiji inawonongeka. Patapita masabata ochepa kunabwera bambo wina wa ku ofesi yoona za misewu. Sanakalipe. Anangotifotokozera kuti malo onse kuchokera pakhonde la shopu mpaka tsidya linalo ndi gawo la msewu, si a mwini shopu, ndipo pansi pake pamadutsa paipi ya suweji. Anatipatsa nthawi yoti tichotse tokha. Tinagumula ndi manja omwe tinamangira.

Pa 30 Malichi 2020 dziko linatsekedwa chifukwa cha Covid-19. M'masabata otsatira timisasa ta malonda tinagwetsedwa m'madera ambiri a mzinda, ndipo mavenda a pa kamsewu kathu anabalalika. Zimene tinkafuna mu pulani yathu zinachitika zokha, kutsogolo kwa mashopu kunayera mbee. Mashopu ataloledwa kutsegulanso, ndinkakhala pa makina tsiku lonse n'kumangoyang'ana msewu wopanda munthu. N'zoona kuti sukulu zinali zotseka, koma ngakhale odzaika zigamba ndi osoketsa madiresi anasowa. Apa m'pamene ndinazindikira mmene makasitomala ankandipezera. Mayi abwera kudzagula tomato ndi repu wa ndiwo zamadzulo, aona diresi pawindo, alowa kudzafunsa mtengo, mwezi ukatha abwera ndi mwana kudzamuyeza. Wa golosale ananenanso chimodzimodzi za buledi ndi mafuta ophikira. Anthu amene tinkafuna kuwabisa kuseri kwa chigayo ndi amene ankatikokera malonda.

Mavenda atayamba kubwerera mmodzimmodzi, ndinatenga chidebe n'kukakhala pafupi ndi agogo ena amene agulitsa tomato pamalo omwewo kuyambira ndili mtsikana. Anadutsa mu Murambatsvina wa 2005, pamene boma linagwetsa nyumba ndi timisika, uja lipoti la bungwe la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena pogulitsira, ndipo iwo anali m'gulu lomwelo. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanatichenjezere za kakhoma kaja.

"Munandifunsa, mwana wanga?" anatero. "Msewu munaujambulira m'tchalitchi. Ine ndimakhala pano kuyambira m'bandakucha mpaka mdima. Mashopu anuwa asanamangidwe, apa panali kakhwawa kotsikira kudambo. Madzi saiwala khwawa."

"Agogo, ndiye mungationetse pamene amadutsa?"

"Mvula ikadzagwa mudzandipeze. Koma musadzabwere itakata."

Dzinja la 2020 mpaka 2021 mvula inagwa yambiri. Tsiku lina masana, ili mkati mokhuthuka, agogo aja anatitsogolera ine, mnyamata wa mapulani uja ndi bambo wowotcherera zitsulo, titafunda mapepala apulasitiki, tikukhoma zikhomo paliponse pamene madzi ankathamanga. Anatisonyeza pamene amadumphira msewu, pamene amaima n'kupanga chithaphwi, ndi kalavati yakale imene inakwiririka ndi dothi kalekale moti ambiri sitinkadziwa kuti ilipo. Mnyamata uja anangoti kakasi. Anapita kunyumba n'kukayamba kujambula mwatsopano, ndipo ndimamulemekeza chifukwa sanaumirire pa chithunzi chake choyamba. Musanagule ngakhale njerwa imodzi, yendani msewu wanu mvula ikugwa, ndipo muyende ndi munthu amene wakhala pamenepo kuposa nonse.

Kenako tinagawana ntchito yongokhala n'kumayang'ana. Aliyense ndi kope lake, ena m'mamawa, ena masana, ena madzulo, kulemba amene akudutsa ndi kumene akulowera. Zimene zinatuluka zinatidabwitsa. Galimoto zoima zinali zowerengeka, makamaka malole obweretsa katundu. Ochuluka anali ana a sukulu, amene sankayenda m'mbali mwa msewu koma kudula chopingasa kuchokera pachigayo kupita pa kanjira ka kuseri kwa butchala, ndi amayi okankha mawilibala odzaza zigubu kuchokera kumjigo. Pa njerwa zathu zokongola zija, ndi masitepe ake, wilibala ya madzi sikanadutsa.

Kukoka mavenda kuti abwere pa msonkhano kunali kovuta kuposa mmene ndinkaganizira. Nditayenda ndi kope kuti ndilembe mayina awo, ambiri anakana. Mayi wina anandiuza kuti, "Mukufuna mayina athu kuti mukawapereke atithamangitse." Achikulire ena a kwathu anali ndi mantha ena akale. Kwa zaka zambiri zitupa zawo zinkawatchula kuti ndi alendo ngakhale anabadwira muno, ndipo ngakhale malamulo aakulu a dziko a 2013 anavomereza kuti wobadwira muno kwa kholo lochokera m'maiko a SADC ndi nzika, mtima woopa kulembedwa pa ndandanda sunathe. Ndinabweza kope m'chikwama. Wapampando ndi ine tinayenda tebulo ndi tebulo kupepesa chifukwa cha pulani yoyamba ija, ndipo tinapempha kuti kaundula alembe okha, asunge okha. Analemba ndi mtsikana wogulitsa mazira owiritsa, amene lero ali mu komiti.

Msonkhano wotsatira tinauchitira pamsewu pomwepo, Lamlungu madzulo, kuti wogulitsa asasiye tebulo lake. Tinalankhula Chichewa ndi Chishona mosinthana, poti ana athu ambiri Chichewa amangomva koma kuyankha amayankha m'Chishona, ndiponso anansi athu ambiri ndi a Chishona. Mapu tinawajambula pansi ndi phulusa, aliyense n'kumaloza ndi phazi pamene pali shopu yake kapena tebulo lake. Kenako munthu aliyense anapatsidwa nyemba zitatu kuti aponye m'zitini zolembedwa zofuna zathu. Ngalande inapambana kutali, kenako magetsi, kenako chimbudzi, kenako mthunzi wa ogulitsa. M'chitini cha maluwa ndi cha malo oimika galimoto munagwa nyemba zoti n'kuwerenga ndi zala. Njira ya nyembayi ndimaiyamikira kwambiri. Nyemba ya mwini butchala ndi ya mnyamata womusenzera nyama zimalemera chimodzimodzi, ndipo palibe amakakamizika kutsutsana ndi bwana wake poyera.

Komabe ndinaona kuti amayi ambiri sanatsegule pakamwa pamaso pa azibambo. Tinawaitana paokha kushopu kwanga, ndipo kumeneko n'kumene tinamva zenizeni za magetsi. Ife tinkaganiza zowalitsa kutsogolo kwa mashopu. Iwo ankafuna kuwala kumjigo ndi pa kanjira kopita kumeneko, chifukwa mzere wa madzi umayamba cha m'ma 4 koloko kusanache, ndipo atsikana ankavutitsidwa mumdima ndi anyamata amene anadzipatsa ufumu pamjigopo. Mayi wina anafotokoza za mwana wake misozi ili m'maso. Zoterezi sizikanatuluka pa msonkhano wa onse.

Za mapepala ndinene mwachidule. Malamulo a dziko lino, Urban Councils Act ndi Regional, Town and Country Planning Act, amaika misewu, ngalande ndi chilolezo cha zomangamanga m'manja mwa khonsolo, choncho njira yolambalala palibe. Tinalemba kalata kudzera kwa khansala wa dera lathu, n'kuphatikizapo mapu atsopano ndi mayina a amene anavomereza. Yankho linatenga pafupifupi chilimwe chonse cha 2021, nthawi imene mliri unali utakulanso ndipo maofesi ankagwira ntchito ndi anthu ochepa. Kalata iliyonse tinkapita nayo iwiri, ina n'kudindidwa tsiku n'kubwerera nayo, ndipo otsatira nkhaniyo anali anthu awiri omwewo nthawi zonse kuti nkhope zizolowereke. Panabwera dobadoba wina, wosagwira ntchito ku ofesi iliyonse, n'kumati ndi madola 100 atha kufulumizitsa zinthu. Titamufunsa ngati apereka lisiti, sanabwerenso. Injiniya atafika anasuntha ngalande pafupifupi mita imodzi kuti ichoke pamwamba pa paipi ya suweji, n'kutiuza kuti tifukule kalavati yakale ija m'malo momanga ina. Uphungu umenewo wokha unatipulumutsira ndalama zambiri. Misonkhano ya pabwalo tinkawadziwitsa apolisi ndi kalata nthawi ilipo. Tinagwirizananso kuti pa ntchito yathu munthu asabwere atavala malaya a chipani, ndipo chisankho cha 2023 chitayandikira, lamulo limeneli ndi limene linatisunga pamodzi.

Podikira chilolezo sitinangokhala. Tinayesa pulani yonse ndi zinthu zochotseka: matayala akale, migolo, zingwe ndi njereza. Tinalemba pansi mzere wa matebulo a ogulitsa, kusiya mpata woti mawilibala awiri adutsane pakati pa iwo ndi makhonde, n'kusiyanso mpata wolunjika pa khomo la shopu iliyonse. Mkangano wakale wa eni mashopu ndi mavenda unathera pamenepo, pa mzere wa njereza umene onse anauona ukulembedwa. Malo okwerera kombi tinawaika kumtunda kumene msewu uli wotakata. Anthu sanapiteko. Ankaimabe pansi pa mtengo wa pafupi ndi butchala, poti pali mthunzi ndipo kombi imaonekera patali. Anyamata oitanira aja, amene tsopano tinali titayamba kuwaitana pa misonkhano, anatiuza kuti, "Amayi, kombi imaima pamene pali anthu, osati pamene pali penti." Tinakunkhuniza matayala n'kuwabweretsa pamtengo paja, ntchito ya madzulo amodzi. Tikanakhala titathira konkire bwenzi tikugumulanso kachiwiri.

Pa za mthunzi, ife tinkaganiza zomangira ogulitsa shedi ya njerwa ndi malata. Eni ake anakana. Amene anagwetseredwapo kawiri safuna chinthu chimene sangathe kuchinyamula. Anasankha matebulo achitsulo opindika ndi mafelemu ovundikira neti ya mthunzi, zimene wowotcherera uja anawapangira aliyense n'kumalipira pang'onopang'ono. Madzulo amapinda n'kusungitsa m'mashopu mwathu.

Ntchito yeniyeni inayamba mvula itatha mu 2022. Pa nthawiyi madola a ku America anali ataloledwanso, ndipo tinkasonkha ndalama zogwirika: shopu madola 10 pa mwezi, tebulo la venda dola imodzi. Ana a kuno okhala ku Johannesburg ndi ku UK anatumiza zawo ataona zithunzi za zikhomo ndi masamba a buku. Ngalande ya miyala ndi simenti, pamodzi ndi timilatho ta konkire pa khomo lililonse ndi kufukula kalavati, inadya pafupifupi madola 3,500. Thumba la simenti tinkagula pakati pa madola 10 ndi 12. Kukumba tinkakumba tokha. Lachisanu loyamba la mwezi, limene kuyambira Disembala 2018 ndi tsiku loyeretsa m'dziko lonse, tinkagwira m'mawa kuti a Chisilamu apite ku mapemphero masana, ndipo osunga Sabata ankabwera Lamlungu m'malo mwa Loweruka. Amisiri omanga tinalemba a konkuno, n'kumawalipira pa mita imene amaliza, osati pa tsiku. Chimulu cha zinyalala chija tinachichotsa Lachisanu lina lotero, ndipo pakonapo tinaikapo matebulo awiri a ogulitsa chimanga chootcha, poti pamalo pokhala munthu tsiku lonse palibe amabwera kudzakhuthula ndowa.

Chimene sitinachiwerengere ndi madzi. Konkire imafuna madzi posakaniza, ndipo ikathiridwa imafuna kunyowetsedwa kwa sabata yathunthu kuti isang'aluke. Kutunga pamjigo kukanakhala kulanda madzi akumwa a amayi omwe aja, ndipo iwo anatiuza mosapita m'mbali kuti zimenezo ayi. Tinagula madzi a galimoto za thanki, ndalama zina pafupifupi madola 200 zimene sizinali mu bajeti, ndipo ntchito inaima kaye tikusonkha. Chigawo china chimene tinachithirira mopereweza chinang'aluka dzinja loyamba lomwe, n'kuchibwereza. Ngati kwanu madzi ndi ovuta ngati kuno, muwaike mu bajeti pa mzere womwewo ndi simenti.

Mvula yoyamba ya Novembala inandipeza ndili pakhonde, mtima uli m'mwamba. Madzi anatsika kuchokera kumtunda, analowa m'ngalande, anadutsa pansi pa msewu pa kalavati ija n'kumapita kudambo. M'shopu simunalowe ngakhale dontho. Agogo a tomato aja anangoseka n'kupitiriza kupanga milu yawo. Ine ndinalowa mkati n'kulira.

Magetsi nawo anatidyera kawiri. Poti a m'mawaya amazimazima, tinasankha a sola. Oyamba tinagula otchipa, madola 25 limodzi. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi ankazima pakati pa usiku, nthawi ya amayi a kumjigo isanakwane, ndipo awiri a pa mapolo anabedwa. Achiwiri tinagula okhala ndi batire lalikulu, pafupifupi madola 70 limodzi, ochepa koma odalirika. Wowotcherera anawapangira timakola ta zitsulo, ndipo tinawakhoma pamwamba pa makoma a mashopu ndi pa nyumba yoyandikana ndi mjigo, pamene pamagona anthu. Pogula funsani kuti limayaka maola angati batire likadzaza, ndipo yesani limodzi kaye musanagule ena. Mitengo tinabzala ya mango ndi mapeyala, uliwonse n'kuupereka kwa venda amene tebulo lake lili pafupi kuti aziuthirira ndi madzi otsukira ndiwo. Imene inalibe mwini inauma yonse.

Msewu utayamba kudzaza anthu madzulo, mwini nyumba wina anakweza lendi, ndipo mnyamata wometa tsitsi, amene anakumba ngalande kuposa wina aliyense, analephera kulipira n'kusamuka. Zinandiwawa kwambiri. Tikanadziwa, tikanakhala pansi ndi eni nyumba pachiyambi pomwe n'kulemberana kuti lendi isakwere kwa chaka kapena ziwiri kwa amene asonkha nawo. Ambiri amene amachita malonda m'mashopu ngati athu ndi a lendi, ndipo thukuta limakhala lawo pamene mtengo wa malo ukukwerera mwini. Mwini malo omwera mowa sanasonkhepo ngakhale kamodzi, chikhalirecho makasitomala ake ndi amene amayenda kwambiri usiku. Tinamusiya, poti kukangana naye kukanatidyera mphamvu zofunika kwina. Malo atakongola kunabweranso anthu ena ofuna kumatolera ndalama kwa mavenda ngati kuti malowo ndi awo. Chinatiteteza ndi kaundula uja, amene eni ake anavomera kuti kope lake likhale kwa khansala.

Chimbudzi, chimene chinali chachitatu pa nyemba, mpaka pano sitinamange. Chamadzi chimafuna madzi amene tilibe, ndipo chokumba sichingakhale pafupi chotero ndi mjigo. Kolera itabweranso mu 2023 tinagwirizana ndi mpingo wapafupi kuti ogulitsa azigwiritsa ntchito zimbudzi zawo, ife n'kumalipira mayi wozisamalira ndi kugula sopo ndi mankhwala, ndipo pa matebulo a zakudya pali ndowa zosambira m'manja. Ndi njira yongogwirizira. Maenje a pakati pa msewu nawo timangowakwirira ndi zidutswa za njerwa, phula silili m'mphamvu zathu.

Ndalama ina yatsopano ya dziko lino, ya ZiG, itabwera mu Epulo 2024 sitinatekeseke, chifukwa m'thumba la komiti simukhalitsa ndalama. Chuma chathu chili kuseri kwa chigayo, njerwa ndi miyala. Mu komiti tsopano muli mavenda atatu, mmodzi wa anyamata a makombi ndi mayi mmodzi wa kumjigo, ndipo wachiwiri kwa wapampando ndi wogulitsa masamba. Chopereka cha mwezi tinachitsitsa kufika madola 3 pa shopu, cha kukonza zowonongeka. Okutobala aliyense timachotsa mchenga ndi mapepala m'ngalande mvula isanayambe, chifukwa pakangotsekeka pakamwa pa kalavati madzi abwerera m'mashopu. Za chimbudzi, mnyamata wa mapulani uja wajambula chokhala ndi thanki yakeyake pamwamba, cholumikizidwa ku paipi ya suweji imene injiniya anatisonyeza. Amayi a pamatebulo anachiona n'kusinthitsa mbali yoloza chitseko, kalata yopempha chilolezo tinapereka, ndipo simenti sitigula mpaka yankho litabwera.